Tifunseni: Accurate, precise ndi mawu ena a Chingerezi osokoneza pa sayansi

Makalata a mwezi uno achokera m'mbali mwa nyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo dandaulo lake ndi limodzi. Pali mawu a Chingerezi amene munthu amawadziwa bwinobwino pocheza, koma akangolowa m'buku la sayansi, m'chipatala kapena pa sikelo amasanduka chinthu china. Oyankha ndi aphunzitsi a Fizikisi ndi Masamu pamodzi ndi katswiri wa za mu labotale. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndili Fomu 3. Aphunzitsi a Fizikisi anandichotsera malikisi chifukwa ndinalemba kuti accurate ndi precise n'chimodzimodzi. Koma m'dikishonale yanga mawu onse awiri akutanthauza kulondola. Wolakwa ndani, ine kapena dikishonale?
Mtsikana wa pasukulu, Kamuzu Road, Salima

YANKHO: Mwanawe, dikishonale sinaname, kungoti yakupatsa Chingerezi cha pocheza. Eni chinenerocho nawonso amasakaniza mawu awiriwa pamsewu ndipo palibe amawadzudzula. Koma munthu akagwira chida choyezera pamabuka mafunso awiri osiyana, ndipo liwu lililonse linapatsidwa funso lake. Accurate likufunsa kuti, kodi zimene wapezazo zayandikira bwanji ku nambala yeniyeni? Precise likufunsa kuti, ukayeza mobwerezabwereza, kodi manambala ako akumvana bwanji okhaokha?

Titenge thumba la mpunga lomwe tikudziwa kuti ndi makilogalamu 50 ndendende. Talipachika kasanu pa sikelo yoyamba, yatipatsa 47.1, 47.0, 47.1, 47.0 ndi 47.1. Taona mmene manambalawo akumvanira, kusiyana kwake magalamu 100 okha. Sikelo imeneyi ndi precise. Koma ikunama, ndipo bodza lake ndi lomwelomwelo ulendo uliwonse, choncho si accurate. Pa sikelo yachiwiri thumba lomwelo latipatsa 49, 51, 50, 52 ndi 48. Manambala amwazika, si precise ayi. Komabe ukawaphatikiza akukwana 250, ukagawa ndi 5 ukupeza 50. Sikelo yachiwiriyi ikuzungulira pa choonadi, kungoti sikhazikika.

Yoopsa kwambiri ndi yoyamba ija, chifukwa imaoneka yokhulupirika. Mlimi akayeza kawiri n'kuona nambala yomweyo mtima umakhala pansi, pomwe pa matumba 20 wataya makilogalamu pafupifupi 60, kuposa thumba lathunthu. Kuphonya kokhotera mbali imodzi kotereku kumatchedwa systematic error, ndipo ngakhale utabwereza kuyeza ka 100 sikutha. Mankhwala ake ndi kukonza chidacho, kapena kudziwa kuti chimachotsa zingati n'kumaziwonjezera. Kumwazika kwa sikelo yachiwiri ndi random error, ndipo kumeneko n'kumene kumachepa ukayeza kangapo n'kutenga avereji. Ana ambiri pamayeso amalemba kuti kubwereza kumathetsa error iliyonse. Malikisi amathawira pamenepo.

Kumene mawuwa anachokera kungakuthandize kukumbukira. Onse ndi a Chilatini. Precise linachokera ku liwu lotanthauza kudula, ngati telala wodula nsalu pamzere womwewo nthawi zonse, kaya mzerewo anaujambula pamalo oyenera kapena ayi. Accurate linachokera ku cura, kusamalira, kutanthauza chinthu chochitidwa mosamala mpaka chafika penipeni.

Palinso liwu lina limene limabisala kumbuyo kwa precise, ndilo resolution, kagawo kakang'ono kwambiri kamene chida chingaonetse. Rula yako imaonetsa milimita 1. Pa zida zoyezera tinthu ting'onoting'ono, vernier calliper ya kusukulu kawirikawiri imafika 0.1 ya milimita, micrometer screw gauge imafika 0.01. Mabuku ena amati micrometer ndi more precise kuposa rula, ndipo akutanthauza zimenezi. Koma usanyengedwe ndi manambala ambiri pambuyo pa kadontho. Sikelo ya batire yoonetsa 47.05 imaoneka yanzeru kuposa ya muvi, pomwe nayo ikhoza kukhala ikuba makilogalamu atatu omwewo.

FUNSO: Ndimalima mpunga ku Lifuwu. Ogula akabwera amati sikelo yawo ndi calibrated, ndiye ife tisatsutse. Ena amadina batani lolembedwa TARE asanayeze. Mawu amenewa akutanthauza chiyani, nanga ine ndingadziwe bwanji kuti sakundibera?
Mayi wa ana anayi, Lifuwu

YANKHO: Mayi, liwu lakuti calibrated lisakutsekeni pakamwa. To calibrate ndi kuyika pa sikelo miyala yoyezera yodziwika kulemera kwake n'kuona kuti sikeloyo ikuphonya ndi zingati. Basi. Kwa akatswiri a miyezo, kukonza sikelo kuti ileke kuphonya ndi ntchito ina, imatchedwa adjustment. Ndipo kuivomereza mwalamulo kuti igwire ntchito ya malonda ndi verification. Ntchito yomalizayi kuno kwathu ndi ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo sikelo yomwe laivomereza imakhala ndi chizindikiro chake. Wogula akati calibrated, mufunseni mwaulemu kuti anaiyeza ndani, liti, ndipo chizindikiro chili pati. Sikelo yomwe inali bwino chaka chatha ikhoza kukhala itasokonekera ndi kugwedezeka pa njinga mumsewu wa fumbi.

Tare ndi kulemera kwa chotengera chopanda kanthu, kaya thumba, dengu kapena beseni. Gross ndi katundu pamodzi ndi chotengera, net ndi katundu yekha. Batani la TARE limauza sikelo kuti chimene chili pamenepo pakadali pano ichitenge ngati 0. Ntchito yake ndi yabwino: mwaika beseni, mwadina, kenako mpunga wokha ndi umene ukuwerengedwa. Chinyengo chimalowa munthu akadina batanilo atakokera mbedza pansi ndi chala kapena atapachika chinthu cholemera, kenako n'kuchichotsa. Kuyambira pamenepo thumba lililonse limaperewera ndi kulemera komweko. Chimaonekera msanga: sikelo ikakhala yopanda kanthu imaonetsa nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, monga -2.0, m'malo mwa 0. Dziwaninso kuti thumba la pulasitiki lopanda kanthu silifika ngakhale theka la kilogalamu. Wokuchotserani kilogalamu yathunthu "ya thumba" sakuchita tare, akudya zanu.

Musanayambe kugulitsa chitani izi. Sikelo ilendewere yokha osakhudza mtengo kapena khoma, ndipo ngati ndi yoika pansi ikhale pamalo athyathyathya olimba, osati pamchenga. Ikhale yopanda kanthu muone ngati muvi uli pa 0. Ukakhala pena, imeneyo ndiye zero error. Powerenga imani moyang'anizana ndi muviwo, maso anu molingana nawo, chifukwa woyang'anira m'mbali amaona nambala ina, vuto limene m'mabuku amati parallax error. Ndiye muiyese ndi katundu wodziwika. Mapaketi asanu a shuga a kilogalamu imodziimodzi osatsegula aonetse 5. Koma musalekere pomwepo, pakuti sipuling'i yotopa imatha kunena zoona pa makilogalamu 5 n'kunama pa 50. Pachikaninso thumba la feteleza la makilogalamu 50 lomwe silinatsegulidwe. Madzi nawo amathandiza popeza lita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, kungoti chigubu cha malita 20 chikadzaza mpaka kukamwa chimapitirira 20, ndiye chingakusokonezeni. Pomaliza, thumba limodzi la mpunga lipachikidwe katatu, kulitsitsa ulendo uliwonse. Manambala akamasiyana ndi kilogalamu kapena kuposa, sikeloyo ili ndi vuto, mwina dzimbiri m'kati kapena batire lake latha mphamvu.

Pa sikelo za batire yang'ananinso tizilembo ta pambali pa nambala. Pakhale kg, osati lb. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2, choncho inuyo mukamagula chimanga pa sikelo yomwe ili pa lb, nambala 22 ikutanthauza makilogalamu 10 okha. Mukakhala alimi angapo, kusonkherana n'kugula sikelo yanuyanu ndi ndalama yobwerera msanga.

Mwina mungafunse kuti nanga miyala yoyezerayo amaiyeza ndi chiyani. Imayezedwa ndi ina yoposa iyo, nayonso ndi ina, mpaka kukafika ku muyezo wa dziko lonse lapansi. Kuyambira 1889 muyezowo unali kachitsulo ka platinum ndi iridium, kotalika mamilimita 39 okha, kosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris. Pa 20 May 2019 kanapumitsidwa, ndipo kilogalamu tsopano imachokera ku nambala ya m'chilengedwe yotchedwa Planck constant, yomwe singapalike kapena kudetsedwa ndi fumbi.

FUNSO: Pa thumba la feteleza analemba net weight 50 kg, koma aphunzitsi akuti kilogalamu ndi ya mass, weight ndi ya newton. Ndiye a kampani ndi osaphunzira?
Mnyamata wa Fomu 2, Chipoka

YANKHO: Ayi, akulankhula Chingerezi cha malonda, mmene weight ndi mass ndi chinthu chimodzi, monga ifenso timangoti kulemera. Mu Fizikisi mass ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'thumbamo, ndipo imayezedwa m'makilogalamu. Weight ndi mphamvu imene dziko likukokera thumbalo pansi, imayezedwa mu newton. Pano padziko kilogalamu iliyonse imakokedwa ndi ma newton pafupifupi 9.8, choncho thumbalo weight yake ndi ma newton 490, mwachidule 490 N. Utapita nalo kumwezi, kumene kukoka kuli pafupifupi 1.6, weight ingatsike kufika 80 N, ungalinyamule ndi dzanja limodzi, koma feteleza akadali makilogalamu 50 omwewo. Pamayeso funso likati weight, yankho lako lithere ndi N.

FUNSO: Tinawiritsa madzi m'labotale ndipo thermometer inaima pa 98, osafika 100 ngati mmene buku likunenera. Aphunzitsi anati tilembe sources of error. Ine ndinalemba human error ndipo anandipatsa 0. Nanga error si kulakwitsa?
Wophunzira wa Fomu 4, Nkhotakota

YANKHO: Tiyambe ndi 98 wakoyo, chifukwa mwina sanali wolakwika n'komwe. Madzi amawira pa madigiri 100 pamene mpweya ukupanikiza monga umachitira m'mbali mwa nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamenepo, ndipo pa mamita 300 alionse okwera, madzi amawira msanga ndi digiri pafupifupi imodzi. Ku Nkhotakota ndi ku Salima yembekezera 98 ndi kagawo. Anzako a ku Dedza amapeza pafupifupi 95. Ukanalemba zimenezi malikisi akanakhala ako.

Tsopano liwulo. Pocheza, error ndi mistake n'chimodzi. Mu sayansi mistake ndi kulakwitsa kwenikweni, monga kuwerenga 89 pamene pali 98 kapena kutaya madzi ena pansi. Zikatero palibe chofotokoza, umangoyambiranso. Error ndi mpata umene ulipo pakati pa zimene wayeza ndi nambala yeniyeni, ndipo umakhalapo ngakhale wachita zonse bwino. Liwuli linachokera ku errare, Chilatini cha kusochera kapena kuyendayenda. Aphunzitsi amakana human error chifukwa sinena kanthu. Iwo akufuna utchule chimene chinachitika, mbali imene chinakankhira yankho, ndi mmene ungachichepetsere.

Pa thermometer ukanati mutu wake unakhudza pansi pa beaker pamene pali potentha kuposa madzi, zomwe zimakweza nambala, kapena munaitulutsa m'madzi powerenga, zomwe zimaitsitsa. Kuti udziwe ngati chidacho chili ndi vuto lakelake, chiviike m'madzi oundana ophwanyaphwanya omwe ayamba kusungunuka, dikira mphindi zingapo, chionetse 0. Pa measuring cylinder, chiwiya choyezera kuchuluka kwa madzi, madziwo amapindika pamwamba ngati kambale, amati meniscus, ndipo umawerenga pansi pa kambaleko diso lili molingana napo. Pa pendulum, kachitsulo kolendewera pa chingwe kamene kamapita uku ndi uku, vuto ndi chala chako, chomwe chimachedwa kapena kufulumira kudina wotchi ndi pafupifupi 0.2 ya sekondi. Pendulum ya mita imodzi imapita n'kubwerera m'masekondi pafupifupi 2, ndiye 0.2 ndi 10 pa 100 alionse a nthawiyo, kuphonya kwakukulu ndithu. Ukawerenga maulendo 20, nthawi ikhala masekondi 40, ndipo 0.2 yemweyo watsika kufika theka la 1 pa 100. N'chifukwa chake buku limati uwerenge maulendo ambiri kenako ugawe.

Mnzake wa error ndi uncertainty. Sikutanthauza kuti woyezayo akukayika kapena sakudziwa ntchito. Ndi kunena poyera malire amene nambala yeniyeni ingapezekemo. Wolemba 25.0 ± 0.5 akunena kuti choonadi chili pakati pa 24.5 ndi 25.5, ndipo munthu wotereyu ngwodalirika kuposa wongolemba 25.

FUNSO: Mdzukulu wanga amabwera ndi nkhani za germ theory ndi ma theory ena. Ine Chingerezi changa cha kale chimandiuza kuti theory ndi maganizo chabe opanda umboni. Bwanji sukulu ikuphunzitsa ana zongoganizira? Si bwino aphunzire ma law okhaokha?
Agogo opuma pantchito, Linga

YANKHO: Agogo, Chingerezi chanu sichinakalambe. Munthu akati "I have a theory" pa nkhani ya yemwe waba mbuzi, akutanthauzadi kuganizira. Koma chimene inu mukuchitcha theory, asayansi amachitcha hypothesis, ganizo loyambira limene lingayesedwe n'kupezeka loona kapena labodza. Theory kwa iwo ndi kufotokoza kwakukulu kumene kwayesedwa kambirimbiri ndi anthu osiyanasiyana ofuna kukugwetsa, koma kwaimabe.

Malungo ndi chitsanzo chapafupi cha germ theory, yomwe imati matenda ambiri amayamba ndi tizilombo. Liwu lakuti malaria ndi la Chitaliyana, mala aria, mpweya woipa, pakuti anthu ankakhulupirira kuti nthendayi imachokera ku fungo la m'madambo. Ganizolo linali ndi pogwira, popeza okhala pafupi ndi madambo ankadwaladi kwambiri. Mu 1880 dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizilombo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu 1897 Ronald Ross ali ku India anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Ganizo la mpweya linagwa, la udzudzu linapirira mayeso onse, ndipo neti imene mumagonamo ku Linga yaima pa theory imeneyo.

Law si theory imene yakwezedwa udindo, apa ndi pamene ambiri amasochera. Law imanena chimene chimachitika, kawirikawiri mwa masamu, pomwe theory imafotokoza chifukwa chake. Hooke's law imati sipuling'i imatamuka molingana ndi katundu amene mwapachikapo, ndipo sikelo ya muvi imagwira ntchito chifukwa cha zimenezo. Koma sinena chifukwa chimene chitsulo chimachitira choncho, ndiponso ili ndi malire: mukapachika katundu wopitirira, sipuling'i imatamukiratu osabwereranso. Isaac Newton analemba lamulo la kukoka kwa dziko mu 1687, ndipo mu 1915 Albert Einstein anabwera ndi theory yofotokoza mozama, yomwe inalondola ngakhale pamene lamulo la Newton linkaphonya pang'ono. Mdzukulu wanu akumananso ndi tanthauzo lachitatu kusukulu, pamene theory paper ndi mayeso olemba chabe, kusiyanitsa ndi practical. Limenelo ndi la pa timetable basi.

FUNSO: Mwana wanga anapezeka ndi malungo, anamwa LA n'kuchira. Patatha milungu iwiri anatenthanso thupi, atamuyeza akuti positive. Positive si ndiye zabwino? Nanga mankhwala aja sanagwire?
Mayi wa ku Benga

YANKHO: Mayi, kuchipatala positive sitanthauza zabwino kapena zoipa. Itanthauza kuti chimene amafufuzacho chapezeka, ndipo negative ndi kuti sichinapezeke. Funso lofunika ndi lakuti kachida kaja kamafufuza chiyani. Tizida tambiri toyezera malungo pachala sitiona kachilombo kamoyo. Timafufuza puloteni yotchedwa HRP2 imene kachilombo ka Plasmodium falciparum kamatulutsa, ndipo puloteniyi imatha kutsalira m'magazi milungu ingapo tizilombo titafa kale. Choncho mwana wochira akhoza kuonetsabe mizere iwiri, pomwe kutentha kwatsopanoko kwabwera ndi nthenda ina monga chibayo.

Koma n'zothekanso kuti malungo sanathe, makamaka ngati pa maulendo 6 akumwa LA m'masiku atatu ena anadumphidwa, kapena mwana anasanza atangomwa. LA imalowa bwino m'thupi ikamwedwa ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta. Kachida ka pachala sikangasiyanitse ziwirizi. Chosiyanitsa ndi kuyang'ana magazi pa microscope, pamene tizilombo timaoneka ndi kuwerengeka. Bwererani kuchipatala ndi buku la mwanayo, muwauze tsiku limene anamaliza mankhwala, ndipo musagule LA wina pa golosale. Mwana akamakomoka, kusanza chilichonse kapena kulephera kumwa, musadikire kuti kuche.

Pa kachidako pali zilembo C ndi T. Mzere wa pa C umasonyeza kuti kachidako kagwira ntchito, ukapanda kutuluka zotsatira zake ndi invalid, ayezenso. Achipatala mukawamva akunena sensitivity, akutanthauza kuti mwa anthu 100 odwaladi kachidako kamagwira angati. Specificity ndi kuti mwa anthu 100 osadwala kamamasula angati. Wosadwala akaonetsa positive amati false positive.

FUNSO: Calculator imandipatsa 416.52 koma aphunzitsi akufuna 417, akuti significant figures. Bwanji nditaye manambala olondola?
Wophunzira, Dwangwa

YANKHO: Chifukwa sanali ako. Tinene kuti wayeza dimba ndi tepi, wapeza mamita 23.4 m'litali ndi 17.8 m'lifupi. Calculator ichulukitsa n'kupereka 416.52. Koma 23.4 wakoyo akhoza kukhala chilichonse kuyambira 23.35 mpaka 23.45, chimodzimodzi 17.8. Ukachulukitsa ang'onoang'ono upeza 414.5, akuluakulu upeza 418.6. Ngati ngakhale 416 sukumutsimikiza, .52 wachokera kuti? Lamulo lake pochulukitsa ndi pogawa ndi lakuti yankho likhale ndi manambala ochuluka ngati muyezo wako wosauka kwambiri, pano atatu, ndiye 417. Significant figures ndi manambala amene chida chako chingawaikire umboni. Ma zero a kutsogolo sawerengedwa, choncho 0.0050 ili ndi awiri. Koma 2.50 ili ndi atatu pomwe 2.5 ili ndi awiri, chifukwa zero womalizayo akunena kuti woyeza anayang'anadi mpaka pamenepo. Usadule manambala pakati pa ntchito, dula pa yankho lomaliza lokha.

Ukadzayamba kuwerenga malipoti a kafukufuku, liwu lomweli lidzakutchera msampha wina. Pocheza significant ndi chachikulu kapena chofunika. Mu lipoti, significant difference ikungonena kuti kusiyana kumene kwaonekako n'kovuta kukuika pa mwayi chabe, ndipo malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi akuti nambala yoyezera zimenezi, yotchedwa p, ichepere 0.05. Mbewu yatsopano ikhoza kuposa yakale ndi makilogalamu 20 okha pa hekitala, lipoti n'kunena kuti significant, koma mlimi osapezapo ngakhale ndalama ya mbewuyo.

FUNSO: A zanyengo amati chaka chino mvula ikhala normal to above normal, komanso amatchula mamilimita. Chaka china ananena normal koma chimanga chinapserera mu February. Normal wawoyo ndi uti?
Mlimi wa ku Khombedza

YANKHO: Bambo, normal wa a zanyengo si "bwinobwino". Ndi avereji ya mvula ya dera lanu pa zaka 30, ndipo bungwe la World Meteorological Organization panopa limagwiritsa ntchito zaka za 1991 mpaka 2020. Akati normal akunena za mvula yonse ya miyezi ingapo itaphatikizidwa, osati kagwedwe kake. Mvula ikhoza kukhuthuka yochuluka mu January, n'kubwera ng'amba ya milungu itatu chimanga chikumasula ngayaye, koma pophatikiza n'kukwanabe normal. N'chifukwa chake pomvera ulosi muzitchera khutu pamene akunena dry spell ndi onset, kutanthauza ng'amba ya pakati ndi chiyambi chenicheni cha mvula yodzalira. Akatinso 60 percent chance, mwayi 40 pa 100 woti zisachitike udakalipo.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ekala ili ndi malo otere 4,047, choncho mvula ya mamilimita 25 yathira malita oposa 100,000 pa ekala yanu. Mukhoza kuyeza nokha. Pezani chitini choongoka, chomwe kukamwa ndi pansi n'zofanana kukula, osati ndowa yotambasuka kumwamba chifukwa imeneyo imakokomeza. Chikhazikeni chilili pa chitsa chathyathyathya pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, pamene mbuzi ndi nkhuku sizingafike. M'mawa uliwonse nthawi yomweyomweyo viikani kamtengo kouma mpaka pansi, muyeze ndi rula pamene panyowa, mulembe m'kope tsiku ndi mamilimita, kenako mutaye madziwo. Mukachedwa mpaka masana, dzuwa la ku Salima likhala litamwako ena, ndipo nambala yanu idzaperewera tsiku lililonse.